Njinga ikamagwedera khosi musamati ndi mabampu

Amangwetu, sabata ino ndabwera ndi nkhope yamanyazi. Masiku onse pa tsamba lino ndimakhalira kuloza anzanga chala, koma lero chalacho chatembenukira mwini wake, ndipo ndati ndiulule ndekha ena asanandiululire. Ine ndemwe ndinatsala pang'ono kupha achimwene anga, mwana wa mayi anga aakulu, ndi sipanala ya nambala 13 imene ndinachita kubwereka.

Nkhani yake ili motere. Achimwenewo amakhala kwathu ku Ntcheu, chakufupi ndi Lizulu, ndipo ofesi yawo ndi njinga yakapalasa. Tsiku la msika amanyamula mbatatesi ndi kabichi wa anthu kukatula ku msewu wa M1, masiku enawa amapalasa kabaza. Njingayo anagula atagulitsa mbuzi zawo, nde mukudziwa kale kuti pakhomo pawo njinga imeneyo ndiye munda, ndiye banki, ndiyenso ambulansi mwana akatentha thupi usiku.

Mu Julaye 2024 ndinapita kumudziko kukafunsa alimi za mitengo ya mbatatesi, ndipo ndinabwereka njingayo masiku awiri. Poti ine ndine wamtali ngati mlongoti, ndinamasula bawuti la pakati pa mahandulo nkuwakweza m'mwamba kuti msana usandipweteke. Ndikuyenda ndinamva kuti ndikangogwira buleki, kutsogoloku kukumveka "kho!", ndikasiya "kho!". Pa miyala ndiye osanena, gwede-gwede ngati ngolo yopanda katundu. Nditawafunsa eni ake anangoseka.

"Iwe, zimenezo zinayamba kale-kale. Ndi mabampu a kuno amenewo."

Apa ndi pamene mzimu wa ukatswiri unandilowa. Munthu wa satifiketi ya Fomu 4, wolemba m'nyuzi, angalephere kabawuti kamodzi? Ndinatenga sipanala ija nkumanga bawuti lomwe lija mpaka mitsempha ya m'khosi mwanga kuonekera. Ndinagwedeza njinga kamodzi, khutu langa nkumva zimene mtima umafuna, ndipo ndinati, "Achimwene, yatheka. Mukandipatse ya fanta."

Patatha masabata atatu foni inalira m'mamawa. Achimwene amatsika mtsetse ndi matumba awiri a mbatatesi, atagwira buleki mahandulo anangozuka nkutsala m'manja mwawo, njinga ulendo wake payokha. Anakagwa chafufumimba, fupa la paphewa thyo, mano awiri kusiya pomwepo. Mbatatesi za eni ake mbwee mu ngalande. Nditafika kuchipatala alamu anga sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangondiyang'ana nkunena chapansipansi:

"Alamu, paja si inu munati mwakonza?"

Mawu amenewo mpaka lero amandidzutsa usiku.

KWA MADALA A PANSI PA MTENGO

Ndinanyamula chitsulo chija kupita nacho kwa madala ena amene akhala akukonza njinga pansi pa mtengo pamsika kuyambira ine ndisanabadwe. Anachizunguza m'manja, nkusuzumira m'kati mwa paipi yothyokayo, kenaka anandifunsa funso limodzi lokha.

"Anakweza mahandulowa ndani?"

Ndinati ndine, madala.

"Nanga anamanga bawutili chonchi ndani?"

Ndinati ndinenso.

"Khala pansi mphwanga, ndikuphunzitse zimene sanakuphunzitse ku sekondale."

Ndinakhaladi pa chitini masana onse, ndipo pambuyo pake ndinakafunsanso amakanika ena ndi kuwerenga zimene ndinapeza. Zimene nditi ndikuuzenizi ndi zimenezo.

Choyamba tidziwe mmene khosi la njinga linapangidwira, poti munthu sungachize matenda osadziwa pamene akhala. Kutsogolo kwa felemu kuli kapaipi kakafupi koimirira. M'kati mwa kapaipi kameneka mumadutsa paipi ina, imene ndi mbali ya foloko yogwira tayala la kutsogolo. Kuti foloko izitembenuka bwino mukamakhota, pansi ndi pamwamba pa kapaipi ka felemu kaja pali makapu achitsulo, ndipo m'makapumo mumagubuduzika timipira tachitsulo timene timati mabelingi. Pa njinga zathu zambiri zakudazi, paipi ya foloko ili ndi mathiredi kumutu kwake, ndiye kuti mizere yopota ija imene nati imayendamo. Kapu ya pamwamba imapotedwa pa mathiredi amenewa, pamwamba pake pamabwera washala, ndipo pomalizira pamabwera nati yaikulu yotsekera kuti kapu ija isabwerere. Malo onsewa pamodzi ndi amene amakanika amati pa hedi.

Nde mvetsetsani apa, poti ndi pamene ine ndinagwera. Bawuti la pakati pa mahandulo lija silikhudzana ndi mabelingi mpang'ono pomwe. Ntchito yake ndi kukoka kachitsulo kamene kali kumapeto kwa mwendo wa mahandulo, kuti mwendowo ukanirire m'kati mwa paipi ya foloko. Mungalimange mpaka sipanala kupindika, gwede-gwede sadzatha. Choopsa nchakuti ine nditakweza mahandulo, kachitsulo kokanirira kaja kanafika pamene pali mathiredi, pamene paipi ndi yopyapyala kuposa pena paliponse. Kumanga kwanga kuja kunatupitsa paipiyo nkuyambitsa mng'alu. Kugwedera kwa tsiku ndi tsiku ndi matumba a mbatatesi zinangomalizitsa ntchito imene ndinayamba ine.

Madala aja anandionetsa kamzere kodindidwa pa mwendo wa mahandulo, dzimbiri litatsala pang'ono kukakwirira. Kamzere kameneko kamayenera kubisika m'kati nthawi zonse. Mukakaona panja dziwani kuti mahandulo mwawakweza mopyola muyeso. Pitani mukasuzumire njinga yanu lero lomwe, nyuzi ino muipeza pobwera.

CHIMAGWEDEZA KHOSI NCHIYANI?

Kawiri-kawiri imakhala nati yotsekera ija imene yamasuka pang'ono-pang'ono kaamba ka kunjenjemera kwa misewu yathu. Nati ikamasuka, kapu nayo imabwerera, mabelingi nkupeza mpata wovinira. Nthawi zina ndi njinga yatsopano imene makapu ake sanakhazikike bwino pomanga, ndipo amadzakhazikika mutayenda nayo masabata angapo, mpata nkutsala. Nthawi zinanso mabelingi adyeka chifukwa girizi anatha kale-kale, m'malo mwake muli fumbi ndi madzi a mvula. Kapu ya pansi ndiyo imavutika kwambiri, poti ndiyo imasenza kulemera komanso ndiyo imalandira matope onse ochoka ku tayala, maka-maka njinga ikakhala yopanda madigadi.

Mwina wina akuti, aaa, kampata kakang'ono ngati chikhadabo kangalakwe chiyani? Tamverani. Mabelingi akakhala othina bwino amagawana katundu onse pamodzi. Akapeza mpata, bampu lililonse ndi buleki iliyonse zimasanduka nyundo yomenya timipira tochepa chabe. Timipirato timakumba maenje m'makapu, kapu imayamba kuvina m'felemu mpaka kukulitsa bowo la felemuyo, mathiredi amadyeka, ndipo pa mtsetse njinga imayamba kupukusa mutu ngati ng'ombe yokana goli. Lero vutoli likufuna sipanala basi. Mwezi wamawa lifuna mabelingi ndi makapu. Mukalilekerera lidzafuna foloko kapena felemu yonse, osawerengera za kuchipatala.

CHALA CHIYAMBE, SIPANALA PAMBUYO

Madala aja anati makanika weni-weni amayamba ndi chala. Kuyesa kwake nkosavuta moti ndi mwana wa Sitandade 5 yemwe angathe.

Imani pambali pa njinga, gwirani buleki ya kutsogolo mwamphamvu, kenaka kankhirani njingayo kutsogolo ndi kumbuyo ngati mukugwedeza mwana. Dzanja linalo likhale litazinga pamene kapu ya pamwamba ikukumana ndi felemu, chala chimodzi chikhudze mbali zonse ziwiri. Ngati khosi lili ndi mpata, mudzamva zitsulo ziwirizo zikusemphana pansi pa chala chanu. Chitaninso chimodzimodzi pa kapu ya pansi, pamene foloko ikukumana ndi felemu. Pamalo awiri amenewa sipayenera kusuntha kanthu ngakhale pang'ono.

Ndikudziwa kuti njinga zambiri kumudzi buleki ya kutsogolo inapuma pantchito kale, ndipo zina monga za Buffalo zija buleki yake imagwira ukapondera mapedulo chammbuyo. Musadandaule. Gunditsani tayala la kutsogolo ku khoma kapena ku tsinde la mtengo nkumakankha, chala chili pomwe paja. Njira inanso ndi kunyamula kutsogolo kwa njinga masentimita 10 okha nkuisiya kuti igwe yokha. Njinga yabwino imangoti "di!". Ya khosi lomasuka imayankha ndi phokoso la zitsulo.

Koma chenjerani, si "kho-kho" aliyense amene amachokera pa khosi. Mabuleki a ndodo aja amakhala ndi kulobodoka kwawo-kwawo m'mfundo zake, ndipo labala wa buleki naye amatha kusuntha. Makoni a pakati pa tayala akamasuka nawonso amalira chimodzimodzi. Kuti muwagwire, gwirani limu nkuikankhira kumanzere ndi kumanja, mukamva ikugogoda ndiye kuti wolakwa ndi ameneyo. Njinga za mauntenibaiki zokhala ndi masipuling'i kutsogolo nazo miyendo ya foloko imagwedera ikakalamba. Pofuna kuthetsa makani, khotetsani mahandulo kuti tayala lipingase, kenaka kankhaninso kutsogolo ndi kumbuyo. Tayala likapingasa sililinso ndi kogubuduzikira, choncho buleki yachoka pa mlandu. Chala chikamvabe kusuntha pa kapu, musafunsenso kwina, ndi khosi basi.

KAMANGIDWE KAKE

Tiyambe ndi njinga za mathiredi, zimene ndi zochuluka kuno kwathu. Paipi ya foloko ya njinga zimenezi kawiri-kawiri imakhala ya inchi imodzi, amene ndi mamilimita 25.4, ndipo nati yake yotsekera nthawi zambiri imafuna sipanala ya 32. Za paipi yokulirapo zimafuna ya 36. Ngati mulibe, shifiting'i yaikulu imagwira ntchito. Chimene madala aja amadana nacho ndi tchizulo ndi hamala, zimene anyamata ambiri amakhomera nazo nati mpaka kuisandutsa ngati yolumidwa ndi fisi. Bobojani nayo imatafuna nati, igwiritseni ntchito pokhapokha zitavutitsitsa.

Masulani nati yotsekera pang'ono, osaichotsa. Kenaka potani kapu ya pamwamba kulowera kumene imamangira, pang'ono pokha, ngati theka la kota ya kuzungulira kumodzi. Makapu ena ali ndi timizere togwirira ndi zala, ena amafuna sipanala yopyapyala. Mukatero gwirani kapuyo kuti isayende, nkumanga nati yotsekera ija molimba. Yesaninso ndi chala. Ngati mpata ukadalipo, bwerezani. Musathamange, kuona maso a nkhono nkudekha. Dziwaninso kuti pomanga nati ya pamwamba kapu ija imapanikizika nkuthina moonjezera, choncho mukamanga kapu mpaka gwa musanatseke, mukadzatseka khosi lidzauma.

Apa pali msampha wachiwiri umene wagwira anthu ambiri. Munthu akatopa ndi gwede-gwede amamanga khosi mwaukali kuti lisadzamuvutenso. Kumeneko nkuchotsa matenda ena nkuikapo ena. Khosi lothinitsa limapha mabelingi msanga, ndipo njinga imakana kuyenda mowongoka, umangokhalira kulimbana nayo ngati waledzera. Nchifukwa chake mukatha kumanga muyesenso kachiwiri motere: nyamulani kutsogolo kwa njinga, ipendeketseni pang'ono, mahandulo azigwera okha kumanzere ndi kumanja mopanda kukakamira paliponse. Pamene tikufuna ndi pakati-kati, pamene kugogoda kwangotha kumene koma mahandulo akutembenuka mofewa.

Mukaona kuti nati mwamanga mpaka yafika pothera koma kapu ikumasukabe patapita masiku awiri, suzumirani pamwamba pake. Nthawi zina natiyo imakhala yagunda kumutu kwa paipi isanapanikize kapu, maka-maka ngati wina anachotsapo washala kapena kachitsulo kopachikapo nyale kamene kamakhala pamenepo. Mankhwala ake ndi kuonjezera washala imodzi. Washala yambiri ya pamenepa imakhala ndi kadzino kolowa mu kangalande ka pa paipi kuti isamazungulire pamodzi ndi nati. Kadzinoko kakadyeka gulani ina.

ZIKAKANA KUMVERA SIPANALA

Pali zizindikiro zimene zimakuuzani kuti kumanga kokha sikuthandiza. Mukatembenuza mahandulo nkumamva ngati muli mchenga, m'katimo ndi mouma. Mahandulo akamakodwa pakati, ngati akugwera m'kadzenje njinga ikaloza kutsogolo, ndiye kuti mabelingi anakumba kale maenje m'makapu. Ndipo khosi likamathina mukakhotera uku koma nkumagwedera mukakhotera uko, kawiri-kawiri paipi ya foloko inapindika pa ngozi ina, kapena kapu ina inalowa mopendekeka.

Zikatero khosi liyenera kutsegulidwa. Yalani chiguduli pansi poyamba, poti timipira tija tikagwera m'fumbi mudzatifuna mpaka dzuwa kulowa. Masulani bawuti la mahandulo pang'ono nkuligogoda pamutu kuti kachitsulo ka m'kati kaja kamasuke, zulani mahandulo, chotsani nati, washala ndi kapu, foloko nkuitsitsa mosamala. Werengani mabelingi a pansi paokha ndi a pamwamba paokha. Tsukani zonse ndi palafini, pukutani, kenaka yendetsani nsonga ya bolopeni m'njira imene mabelingi amadutsa. Ikamakodwa, kapu imeneyo yatha.

Mabelingi a pa khosi ambiri ndi a 5/32 ya inchi, pafupi-fupi mamilimita 4, koma njinga zina zakale zimadya ang'ono a 1/8. Popita kukagula tengani kamodzi ka akale m'thumba. Musasakanize akale ndi atsopano, sinthani onse, poti mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa foloko. Pakani girizi wokwanira m'kapu, ndipo ndikati girizi sindikunena oyilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto kapena mafuta ophikira, amenewo amangotsika nkusiya chitsulo chili gwa. Yalani timipira mpaka bwalo lidzaze, kenaka chotsanipo kamodzi kuti tipeze popumira. Ngati mabelingi anu ndi omangidwa m'kamphete, onetsetsani mmene kanakhalira musanakachotse, chifukwa kakalowa chadodolido khosi silimangika ngakhale mutachita bwanji. Madala aja anandiuzanso kuti maenje akakhala aang'ono ndipo ndalama ya makapu palibe, amataya kampheteko nkuika timipira tokha-tokha. Timalowa tochulukirapo, motero sitigweranso m'maenje akale onse nthawi imodzi, ndipo njinga imayendako miyezi ina.

Nzeru ina yaulere nayi: dulani kachidutswa ka chubu chakale ngati chibangili, mukaveke pa kapu ya pansi musanabwezere foloko. Kamatchinga matope ndi madzi.

Kwa inu amene mukusunga Humber kapena Raleigh ya agogo, samalani pogula makapu. Kampani ya Raleigh ya ku Nottingham, imene inagula dzina la njinga za Humber mu 1932, inali ndi mathiredi ake-ake, mizere 26 pa inchi, pamene njinga zina zambiri zili ndi 24. Kapu yachilendo imalowa kawiri katatu kenaka nkuyamba kulimba, ndipo mukaikakamiza ndi sipanala mwapha foloko imene yakhala zaka zambiri kuposa inu. Kapu yoyenera imayenda ndi zala zokha mpaka pansi.

NANGA ZA KAUNJIKAZI?

Masiku ano m'matauni mwadzaza mauntenibaiki ndi njinga zina zobwera kale-kale kuchokera kunja, ndipo zambiri mwa izo zilibe nati yaikulu ija. Khosi la mtundu umenewu linayambitsidwa ndi munthu wa ku America dzina lake John Rader, ndipo kampani ya Dia-Compe inayamba kuligulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pa dzina loti Aheadset. Paipi ya foloko yake ilibe mathiredi, kawiri-kawiri ndi ya mamilimita 28.6, ndipo chogwirira mahandulo, chimene amati sitemu, chimachita kuikumbatira kunja ndi mabawuti a m'mbali. Pamwamba pake pali kachivindikiro kokhala ndi bawuti limodzi pakati.

Apa nkhani ndi yotembenuka. Pa njinga zimenezi bawuti la pamwamba ndi limene limathinitsa mabelingi, koma limagwira ntchito pokhapokha mabawuti a m'mbali aja ali omasuka. Anthu ambiri amangofikira kupota la pamwamba, a m'mbali ali chimangire, mapeto ake amazula kachitsulo konga nyenyezi kamene kanakhomedwa m'kati mwa paipi, kapena kuswa kachivindikiro. Ndondomeko yake nayi. Tengani alenikiyi ya 4 kapena ya 5, masulani mabawuti a m'mbali mpaka sitemu izitha kutembenuka payokha. Potani la pamwamba pang'ono-pang'ono ndi zala ziwiri zokha, mukuyesa ndi buleki monga ndafotokozera, mpaka kugogoda kutatha. Lunjikitsani mahandulo ndi tayala, kenaka mangani a m'mbali mosinthana-sinthana. Amenewa ndi amene agwira moyo wanu. Pomaliza panani tayala ndi mawondo nkuyesa kupotoza mahandulo, asasunthe.

Mukapota bawuti la pamwamba mpaka kulimba koma kugwedera osatha, chotsani kachivindikiro musuzumire. Mutu wa paipi uyenera kukhala pansi pa mlomo wa sitemu ndi mamilimita 2 kapena 3. Zikalingana, kachivindikiro kamangokhala pa paipi osapanikiza kanthu, ndipo pafunika kuonjezera kamphete kamodzi kokweza.

PAMENE MUYENERA KUGONJA

Ndisakunamizeni kuti zonse zimatheka pakhonde. Mukapeza mng'alu pa paipi ya foloko, kapena yatupa ngati mmene ndinaitupitsira ine, kapena mathiredi aphwanyika, foloko imeneyo yatha ntchito. Ndinawafunsa madala aja ngati sitingangopita nayo kwa owotcherera. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Mphwanga, geti ukhoza kuwotcherera, likathyoka limagwera pansi. Apa pakathyoka amagwa ndi munthu."

Chimodzimodzinso kapu ikamalowa ndi kutuluka m'felemu ndi zala zokha. Kapu imayenera kuchita kukhomeredwa. Ena amapanikizapo kachidutswa ka chitini, ndipo kangakufikitseni kunyumba, koma yang'anitsitsani mlomo wa felemu ngati sunang'aluke, ndipo pitani nayo kwa wodziwa musanaisenzetsenso matumba.

Kwa anzanga a kabaza ndikuti, ndikudziwa kuti ola limene njinga ili pansi pa mtengo ndi ndalama imene yapita ndi mnzanu wa pa siteji. Koma achimwene anga anakhala miyezi iwiri dzanja lili m'nsalu, osalowetsa ngakhale tambala, eni mbatatesi akubwera m'mawa uliwonse kudzakhala pakhonde. Mbuzi imene inatsala inapita. Ine ndinagula foloko, makapu ndi mabelingi ndi kandalama ka nkhani zitatu, ndipo mukudziwa mmene malipiro a ife olemba oyenda pansi amachedwera. Zonsezo pa vuto limene likanatha ndi sipanala ya 32 pa mphindi khumi. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, popopa matayala, mugwire buleki nkugwedeza njinga chala chili pa khosi.

Ndipo inu okwera, maka-maka amayi amene mumakwera mwana ali kumbuyo, muli ndi makutu. Mukamva kutsogolo kukuti "kho!" nthawi iliyonse wopalasa akagwira buleki, muuzeni mwaulemu kuti achimwene, khosi la njinga yanu likufuna sipanala. Akakuyankhani kuti ndi mabampu, tsikani musanafike pa mtsetse.

Achimwene anga anachira ndipo anabwerera pa msewu, ngakhale kuti akaseka pamaoneka windo. Ulendo wathawu nditapita kumudzi ndinawapeza akupukuta njinga, ndipo ndinati ndiigwireko kuti ndiwaonetse zimene ndinaphunzira. Alamu anga anatuluka m'khitchini liwiro, chipande chili m'manja.

"Alamu, kuyesa ndi chala yesani. Koma sipanala ikhale pomwe iliyo."

Ndinayesa ndi chala, ndipo khosi linali zii. Sipanala sindinaikhudze. Tionane sabata yamawa.